Chumuni chikamabwezera utsi pabalaza: yang'anani izi musanaitane womanga

Juni wa ku Mzuzu safunsa kuti muli ndi mabulangete angati. Nkhungu ikaphimba nkhalango ya Kaning'ina, kamvula kowaza kaja n'kuyamba, makoma a nyumba amazizira ngati botolo la m'firiji, ndipo usiku wina kuzizira kumafika pansi pa madigiri 10. Ndiye chaka chimene tinalowa nyumba ya lendi ku Katoto, ndinakondwa kupeza kuti pabalaza pali malo oothera moto omangidwa ndi njerwa, chumuni chake chotulukira padenga. Chisanu chitayamba ndinagula mtolo wa nkhuni pamsewu n'kuitana ana kuti adzaothe. Mphindi 10 zisanathe tonse tinali pakhonde, maso ali psuu, zitseko ndi mazenera zili pululu. M'nyumba munazizira kuposa poyamba, ndipo makatani ananunkha utsi mpaka Ogasiti.

Nditawadandaulira eni nyumba, anangoti, "Achimwene, chumuni chimenecho n'chokongoletsa chabe. Amene ankakhalamo kale ankaikamo maluwa."

Panatenga nyengo ziwiri za chisanu kuti chumuni chathu chiyambe kukoka bwino, ndipo ndalama zambiri ndinaziwononga poyambira kumapeto: ndinathamangira kwa womanga ndisanayang'ane nkhuni zanga. N'chifukwa chake ndikulemba izi motsatira mtengo wake, zaulere poyamba, zofuna simenti pomaliza.

Chumuni chimagwira ntchito chonchi: mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho umakwera, ndipo ukamakwera umakoka mpweya wina wa m'chipinda kudzera pakamwa pa chumuni, pomwe timasonkha moto paja. Utsi umangokwera matola pa ulendo umenewo. Ngati kutentha kwachepa, ngati mpweya wolowa m'nyumba palibe, ngati njira yatsekeka, kapena ngati pakamwa n'papakulu kuposa njira ya utsi, ulendowo umaima ndipo utsi, umene anzathu kuno amati josi, umatulukira komwe kuli pafupi, komwe ndi kumaso kwanu.

Choncho musanagwire chilichonse, dzifunseni kuti utsiwo umabwerera nthawi iti. Poyatsa pokha? Nthawi zonse? Zitseko zikatsekedwa? Tsiku la mphepo lokha? Kapena chaka chatha zinali bwino, zayamba chaka chino? Yankho lake ndi limene likuuzeni koyambira.

Ukamabwerera poyatsa pokha

Ili ndi vuto laling'ono, ndipo ku Mzuzu n'lofala chifukwa njerwa za chumuni zimakhala zitamwa nkhungu tsiku lonse. M'kati mwake mumakhala mpweya wozizira, wolemera, umene umatsika pang'onopang'ono. Ikani dzanja pakamwa pa chumuni musanayatse. Mukamva kamphepo kozizira kakutsika, dziwani kuti utsi woyamba ukabwezedwa. Pindani nyuzipepala ziwiri ngati muuni, yatsani, n'kuzigwira m'mwamba m'kati mwa khosi la chumuni, pomwe njira ya utsi imayambira, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Mudzaona lawi likuyamba kuloza kumwamba ndi kumva kaphokoso kokoka. Pamenepo yatsani nkhuni.

Kasanjidwe kamathandizanso. Tinazolowera kusonkha ngati pamafuwa, tizitsotso pansi, zikuni pamwamba. Pachumuni tembenuzani: zikuni zikuluzikulu pansi, zocheperako pamwamba pake mopingasa, tizibanthu touma ndi pepala pamwamba penipeni, n'kuyatsira pamwambapo. Moto umatenthetsa njira ya utsi msanga kenako umatsika wokha, ndipo utsi wa zikuni zapansi umadutsa m'lawi n'kupsa. Mayi a kunyumba kwathu anandiseka tsiku loyamba kuti moto suyakira kumutu. Lero ndi iwo amene amasanja choncho. Palafini ndi petulo, ayi ndithu.

Nkhuni

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo anthu ambiri amene amati chumuni chawo n'choipa, nkhuni zawo ndi zimene zili zoipa. Kuno mvula imachedwa kusiya, imafika mpaka Epulo kapena Meyi, kenako kuwaza kwa Juni ndi Julayi n'kulandira. Nkhuni zimene mukugula mu Juni nthawi zambiri zinadulidwa milungu yochepa yapitayo, kapena zinagona pamtetete mvula yonse. Mtengo wongodula kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Nkhuni zoyenera pachumuni chinyezi chake chisapitirire 20 peresenti. Mukaika zaziwisi, moto umathera mphamvu zake kuwiritsa madzi amenewo, utsi umatuluka wozizira ndi wolemera, ndipo sukwera.

Kuzindikira n'kosavuta. Menyanitsani zikuni ziwiri: zouma zimalira kuti ngwe, zonyowa zimangoti di. Chikuni chouma chimakhala ndi ming'alu kumapeto, khungwa lake limasendeka lokha, ndipo chimapepuka. Umboni womaliza uli pamoto: chikamalira kuti tsiii n'kumatulutsa thovu kumapeto, n'chachiwisi, kaya wogulitsa analumbira bwanji. Ndipo musanyengeke ndi kunja. Wazani chimodzi pakati n'kuika mbali yam'katiyo patsaya. Ikamveka yozizira ndi yonyowa, mtolo wonsewo ndi wa chaka chamawa.

Njira yake ndi imodzi basi, kugula nkhuni nthawi imene simukuzifuna. Ine ndimagula mu Seputembala kapena Okutobala, kunja kukutentha, anthu akundifunsa ngati ndikukonzekera ukwati. Ndimaziwaza nthawi yomweyo, pakuti chikuni chosawaza chimauma mochedwa kwambiri, ndipo bulugamu akauma asanawazidwe amatha nkhwangwa ndi msana womwe. Ndimazisanja pamwamba pa njerwa kuti zisakhudze dothi, pamwamba n'kufunditsa lata lakale, koma m'mbali n'kusiya poyera kuti mphepo izidutsa. Kukulunga mulu wonse m'pulasitiki n'kuphika bowa. Zikakhala miyezi 6 mpaka 12 zimakhala zauma bwino. Zogwiritsa ntchito mawa, lowetsani m'nyumba lero.

Za mitundu ya mitengo: zigwagwa za paini zochokera ku macheka a ku Chikangawa n'zotsika mtengo ndipo zimagwira moto msanga, koma zimatha ngati udzu, zimathetheka, ndipo utomoni wake ukapsa zisanaume umasiya phula m'chumuni. N'zabwino kuyatsira. Zogonera moto ndi bulugamu wouma bwino, amene amasiya makala otentha nthawi yaitali. Nkhuni za mitengo yachilengedwe monga mombo ndi msuku zimayaka bwino, palibe wokana, koma tikudziwa tonse kumene zambiri zimachokera, ndipo nkhalango imene ikudulidwayo ndi yomwe imasunga madzi a mtsinje wa Lunyangwa amene timamwa. Bulugamu wobzala amakwanira.

Zina musaziike konse pamoto: matabwa opaka penti, zidutswa za siling'i ndi mipando ya utuchi womata, majumbo, ndi mapolo onyika m'mankhwala, kaya obiriwira aja kapena akuda onunkha phula. Obiriwirawo mankhwala ake amakhala ndi poizoni amene amatsala ngakhale m'phulusa.

Ukamabwerera zitseko zikatsekedwa

Kuyesa kwake n'kwa masekondi ochepa. Moto uli mkati moyaka, tsegulani pang'ono zenera la mbali imene mphepo ikuchokera. Utsi ukasiya kubwerera, nyumba yanu ilibe mpweya wokwanira. Chumuni sichingatulutse mpweya ngati wina sakulowa. Ife a ku Mzuzu chisanu chikafika timatseka mabowo a mpweya a pamwamba pa mazenera ndi nyuzipepala, pansi pa chitseko n'kuikapo chiguduli, kenako n'kumadabwa kuti moto ukutsamwa. Tsegulani mabowowo. Ngati nyumba ndi yanu, uzani womanga aike njerwa ya mabowo m'munsi mwa khoma pafupi ndi chumuni, kuti mpweya wozizira uzilowera pomwepo m'malo modutsa m'miyendo mwanu kuchokera kukhomo.

Ngati zayamba chaka chino

Chumuni chimene chinkakoka bwino n'kusintha mwadzidzidzi, china chake chalowamo. Moto utazimiratu ndipo njerwa zitazizira, masana, lowetsani kalilole kakang'ono pakhosi pa chumuni mopendeketsa, kapena foni yoyatsa tochi ikujambula. Ngati chumuni n'chowongoka muyenera kuona kuwala kwa kumwamba. Miyezi 9 imene chumuni chimakhala chosayatsidwa ndi yokwanira kuti mbalame zimange chisa, mileme isamukiremo, kapena njuchi zikhazikike. Kwa neba wathu tinatulutsa udzu ndi timitengo todzaza ndowa ziwiri, pamodzi ndi theka la njerwa limene linagumuka pamwamba. Zikakhala njuchi musayatse moto kuti muzithamangitse. Phula la zisa zake limasungunuka n'kugwira moto. Itanani mlimi wa njuchi.

Mwaye nawo umachepetsa njira. Pali mwaye wofewa ngati ufa, umene umachoka ndi burashi, ndipo pali wina wakuda wonyezimira ngati phula la pamsewu, umene umabwera chifukwa cha nkhuni zaziwisi ndi moto wonyeka pang'onopang'ono. Wachiwiriwu ndi woopsa chifukwa umayaka. Palani ndi mpeni wakale. Ukafika mamilimita 3 kukhuthala, musayatsenso musanasese.

Kusesa ndimachita mu Epulo chaka chilichonse, tsiku limene malata auma. Pakamwa pa chumuni ndimatseka ndi chinsalu chakale chonyowa, chomatidwa bwino m'mbali, apo ayi pabalaza ponse pamada. Padenga ndimatsitsa chingwe chimene kumapeto kwake ndamanga chiguduli chokhala ndi miyala ingapo ndi udzu, chokulungidwa ndi waya wa nkhuku, chachikulu moti chizikhula makoma onse anayi. Kukweza ndi kutsitsa kangapo, kenako kudikira fumbi likhazikike musanachotse chinsalu. Musaiwale kashelefu kamene kamakhala kuseri kwa khosi la chumuni, pomwe zinyalala zonse zimagwera. Pamafunika kulowetsa dzanja ndi kafosholo. Padenga pondani pamzere wa misomali pomwe pali mitengo pansi, ndipo wina akugwirireni makwerero. Ngati mutu wanu sugwirizana ndi pamwamba, lipirani mnyamata wozolowera. Mukamaliza, ikani waya wa mabowo aakulu ngati chala chachikulu kuzungulira potulukira utsi. Sefa ya udzudzu siyenera, imatsekeka ndi mwaye m'milungu iwiri.

Ndinene pano za moto wa m'chumuni. Mukamva chiphokoso ngati lole ikukwera chitunda, pamwamba pakutuluka malawi ndi zothetheka, ndiye kuti phula lija lagwira, ndipo kutentha kwake kumatha kufika madigiri 1,000. Tulutsani anthu onse, imbirani ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda, thirani mchenga kapena dothi pamoto wa pansi, n'kutseka pakamwa pa chumuni ndi lata kuti mpweya usalowe. Musathire madzi m'chumuni kuchokera padenga, njerwa zotentha zimang'ambika. Ukazima, wina akwere m'siling'i aone ngati mitengo ya denga sikunyeka.

Ukamabwerera nthawi zonse, nkhuni zili zouma, njira ili yoyera

Apa ndiye pofunika tepi yoyezera, ndipo ili linali vuto lathu lenileni. Amisiri ambiri amadziwa kuimika khoma lowongoka, koma chumuni amamanga ndi maso, pakamwa n'kupanga papakulu kuti pazioneka bwino alendo akabwera. Lamulo lake ndi lakuti kukula kwa njira ya utsi kusachepere gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pakamwa.

Chathu pakamwa panali masentimita 100 m'lifupi ndi 90 kutalika, kuchulukitsa kumapereka 9,000. Njira ya utsi inali masentimita 23 mbali zonse, kutanthauza 529. Njira yotere imakwanitsa pakamwa pa 5,290 basi, pafupifupi masentimita 75 ndi 70. Tinkafuna kuti mmero wa nkhuku umeze nsima ya munthu wamkulu.

Kukulitsa njira ya utsi n'kugumula chumuni chonse. Kuchepetsa pakamwa ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma yesani kaye musanagule thumba la simenti: moto ukuyaka, tengani chidutswa cha lata, chigwireni ndi nsanza pamwamba pa pakamwa, n'kumachitsitsa pang'onopang'ono. Pamene utsi wasiya kutulukira m'chipinda, lembani chizindikiro pakhoma ndi khala. Kwathu chizindikiro chinagwera masentimita 15 kuchokera pamwamba. Wowotcherera wa ku Luwinga anatidulira chitsulo chokhuthala cha msinkhu umenewo n'kuchimangirira pakhoma ndi mabawuti. Pansi tinayala mzere umodzi wa njerwa kuti moto ukwere kufupi ndi khosi, m'mbali n'kuimikamo njerwa mopendeketsa kuti kumbuyo kuchepe kuposa kutsogolo, zimene zimabwezeranso kutentha m'chipinda. Njerwa za pansizo sitinazimange n'komwe, popeza nyumba ndi ya eni.

Moto uzikhala kumbuyo, pafupi ndi khoma, osati pamlomo. Ndipo nkhuni zikhale pa chitsulo cha mipata chokwera masentimita 8 kapena 10, kuti mpweya uzilowera pansi. Uzani wowotcherera agwiritse ntchito zitsulo zokhuthala; zopyapyala zimapindika chisanu chimodzi chisanathe.

Ukamabwerera tsiku la mphepo lokha

Miyezi ya chisanu ndi yomwenso mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa. Mphepo ikawomba denga kapena mtengo wautali, imadumpha n'kugwera pansi mbali inayo, ndipo chumuni chachifupi chikakhala pamenepo, imalowamo n'kukankha utsi. Mudzadziwa chifukwa utsi umatuluka mwa apo ndi apo, kuti fuu, n'kusiya. Muyezo wodziwika ndi uwu: chumuni chitalike masentimita 90 kuchokera pomwe chabowola denga, ndiponso chipose ndi masentimita 60 chilichonse chimene chili pamtunda wa mamita 3, kuphatikizapo msonga ya denga. Kuchokera pomwe moto umayaka kufika pamwamba pasachepere mamita 4.5. Nyumba zambiri zopanda nsanjika zimalephera pamenepa, ndipo mizere inayi kapena isanu ya njerwa imathetsa nkhani. Nthambi za mapeyala kapena paini zimene zakula kupitirira denga, phatani.

Yang'ananinso chipewa cha konkire cha pamwamba. Poopa mvula ya kuno, omanga ena amachikhazika pafupi kwambiri, n'kusiya timipata ta zala zitatu. Mvula silowa, inde, koma utsinso sutuluka. Chikwezeni pa timizati kuti mbali zonse zinayi pakhale mpata wa masentimita 15 mpaka 20.

Ming'alu ndi kudontha

Simenti wamba sapirira moto. M'kati momwe malawi amakhudza amang'ambika n'kumagwa zibenthuzibenthu. Mukapeza njerwa ndi simenti zopangidwira moto m'masitolo a zomangira, gwiritsani ntchito zimenezo. Zikasowa, dongo losakaniza ndi mchenga, longa lomangira uvuni wa buledi, limapirira kuposa simenti, kungoti limafuna kumatidwanso chaka ndi chaka. Mng'alu umene ndimauopa ndi wa m'siling'i, pomwe palibe amene amayang'ana. Kwerani ndi tochi kamodzi pachaka. Mukaona mizere yakuda panjerwa, utsi ukudutsa pamenepo, ndipo tsiku lina padzadutsa moto. Mtengo uliwonse wa denga utalikirane ndi njerwa za chumuni ndi masentimita 5 kapena kuposa.

Madontho a bulauni otsika pakhoma nyengo ya mvula, ndi fungo la mwaye wonyowa, nthawi zambiri amachokera pomwe malata akumana ndi chumuni. Kupaka phula pamenepo kumagwira chaka chimodzi. Chokhalitsa ndi lata lopinda, lolowetsedwa mumzere wa pakati pa njerwa.

Za makala ndi mbaula yachitsulo

Utsi ukawatopetsa, ambiri amasiya nkhuni n'kuika mbaula ya makala pakamwa pa chumuni, poti makala alibe utsi. Ichi ndiye choopsa kuposa zonse ndatchulazi. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo chumuni chimene chikulephera kukoka utsi wooneka sichingakoke mpweya umenewu. Utsi umakuthamangitsani, uwu umakugonetsani. Mutu kupweteka, chizungulire, nseru ndi kufooka kwa anthu angapo nthawi imodzi ndi zizindikiro zake. Tulutsani aliyense panja, tsegulani zonse, ndipo amene wasokonezeka kapena kukomoka mumuthamangitsire kuchipatala. Musagone moto kapena makala zikuyaka m'nyumba yotseka. Kachipangizo kolira kakamva mpweya umenewu kamayendera mabatire, mukakapeza, gulani.

Kunena zoona, ngakhale chumuni chokonzedwa bwino chimataya kutentha kwambiri kumwamba, ndipo chimene chimatsala m'chipinda n'chochepa. Amene ali m'nyumba yawoyawo angachite bwino kuika mbaula yachitsulo yotseka, ya chitseko ndi kabowo kochepetsera mpweya, n'kulowetsa paipi yake m'chumuni, mpata wotsala n'kuutseka ndi chitsulo. Imadya nkhuni zochepa ndipo imafunditsa mpaka kuchipinda. Amisiri owotcherera amatha kupanga, koma onetsetsani kuti chitsulo n'chokhuthala mamilimita 4 kapena kuposa, chosapakidwa penti wamba, ndipo paipi yake isakhale ya malata onyezimira a padenga, amene akatentha kwambiri amatulutsa utsi wodwalitsa. Pamene pali ana okwawa pamafunika kampanda, chifukwa chitsulo chotentha sichioneka kuti chatentha.

Phulusa limasunga moto mpaka masiku awiri kapena atatu. Liwoleni m'ndowa yachitsulo, muiike panja pasimenti kutali ndi mulu wa nkhuni, osati m'katoni kapena m'beseni lapulasitiki. Likazizira ndimathira pang'ono m'dimba la masamba. Pansi pa chumuni ndimasiyapo kaphulusa kokhuthala ngati chala, chifukwa moto wotsatira umagwira msanga.

Chathu pano chimakoka bwino, kupatula masiku awiri kapena atatu mu Julayi pamene mwera wakwiya, chifukwa eni nyumba sanavomerebe zowonjezera njerwa padenga. Masiku amenewo timatsegula pang'ono zenera la kukhitchini, kusonkha moto waung'ono kumbuyo kwenikweni, ndipo makatani timayamba tawachotsa.